Musatiuze za "original", magemu athu anafika atadulidwa kale

Pali mawu amene andikwana. Munthu akangoonetsa gemu yakale imene waikonza zithunzi, kaya wabwezeretsa mitundu imene inasowa, kaya wachotsa mizere yakuda ija ya m'mwamba ndi m'munsi mwa sikirini, sipalephera kutulukira wina wonena kuti, "Aise, wawononga original." Wina amabwera ndi mawu a chiweruzo: kumeneko ndi kuba. Wachitatu, kawirikawiri wamkulu, amangopukusa mutu n'kuti munthu wandevu zake angamataye tsiku lonse ndi tizidole ta ana? Onse atatuwa ndikutsutsana nawo, ndipo ndiyamba ndi woyambayo chifukwa ndiye amayankhula modzidalira kwambiri pomwe akudziwa zochepa.

Original yake iti?

Kuno ku Mwanza tili pachipata. Katundu wochokera ku Joni amadutsa Beitbridge, Harare, Nyamapanda, amawoloka Zambezi pa Tete, amafika pa Zóbuè, kenako amalowa kwathu kuno asanatsike msewu wa M6 kupita ku Blantyre. Njira imeneyi, pamodzi ndi mashopu a ku Limbe, ndi imene inatibweretsera chimene tonse tinkangochitcha TV game: kabokosi kapulasitiki kopepuka ngati mulibe kanthu, mapadi awiri a zingwe zifupizifupi, kamfuti kowombera abakha, ndi katiriji yachikasu yolembedwa 9999999 in 1. Mukatsegula mndandanda wa magemu mamiliyoni aja, mumapeza kuti ndi magemu ochepa omwe omwewo akungobwerezedwa, apa ayambira siteji yachitatu, apo asintha dzina.

Kabokosi kaja sikanali ka Nintendo. Kanali kokopera Famicom, makina amene Nintendo inatulutsa ku Japan mu 1983, omwe anafika ku America mu 1985 ndi dzina loti NES. Pamene ambirife tinkagwira padi koyamba, ku Japan anali atatulutsa kale PlayStation 2 mu 2000. Ine chikhalire sindinaonepo shopu, kaya kuno kaya ku Blantyre, imene inkagulitsa katiriji yeniyeni ya Nintendo ili m'bokosi lake. Choncho amene akulira original ayambe wavomera kuti chimene akuchikumbukira ndi chikondi chonsecho chinali chokopera kuyambira pulagi mpaka batani.

Koma nkhani yaikulu si ya kukopera ayi. Nkhani ndi yoti ngakhale zenizenizo zinkafika kumbali yathu ya dziko lapansi zili zopunduka.

Magetsi athu amayenda pa 50Hz, ndipo ma TV akale a kuno, monga a ku South Africa ndi ku Ulaya, ankagwiritsa ntchito njira yotchedwa PAL, imene imajambula sikirini ka 50 pa sekondi. Ku Japan ndi ku America ankagwiritsa ntchito NTSC, ka 60 pa sekondi. Gemu yakale siidziwa wotchi. Imawerenga zithunzi. Chithunzi chimodzi chikadutsa, Mario amasuntha pang'ono. China chikadutsa, amasunthanso. Mukaitenga gemu yopangidwira 60 n'kuiika pa 50 osasintha kalikonse, zonse zimachedwa ndi pafupifupi 17 peresenti. Zimene mwana wa ku Osaka ankamaliza mu miniti imodzi, ife zinkatitengera masekondi 72. Kudumpha kumakhala ngati munthu ali m'madzi. Sonic the Hedgehog ya mu 1991, gemu imene kutchuka kwake konse kunali liwiro, pa Mega Drive ya PAL inkathamanga ngati yadya nsima ya kondowole, ndi nyimbo zomwe zinkakwawa.

Chachiwiri, PAL ili ndi mizere yambiri pa sikirini kuposa NTSC, 576 poyerekeza ndi 480. Zikanayenera kukhala mwayi wathu. Koma makampani ambiri sankafuna kujambulanso zithunzi kuti zidzaze malo owonjezerawo, ndiye ankangosiya mpata wakuda kapena wa mtundu umodzi m'mwamba ndi m'munsi, chithunzi n'kufinyika pakati. Anthu a mu gemu ankaoneka afupi ndi onenepa kuposa mmene wojambula anawajambulira. Alipo makampani amene ankavutikira kukonza zimenezi, makamaka a ku Ulaya komweko, ndipo tiwapatse ulemu wawo. Koma ochuluka ankangotumiza chonchobe, podziwa kuti wogula sanaonepo ina yoti ayerekezere.

Ndiye munthu akatenga gemu ya PAL n'kuibwezera liwiro lake, n'kuchotsa mipata ija, akuwononga chiyani? Akubweza chimene wojambula anafuna kuti tione. Amene anawononga ndi amene anatumiza katundu wofinyika.

Tengani Contra. Konami inatulutsa Contra ya pa Famicom ndi ya pa NES mu 1988. Ya ku Japan inali ndi kachipangizo kapadera m'katiriji kotchedwa VRC2, ndipo m'siteji yoyamba mitengo imagwedezeka ndi mphepo, m'siteji ya kozizira chipale chimagwa, pakati pa masiteji pamabwera mapu ndi tizithunzi ta nkhani. Ya ku America zonsezi mulibe. Ngati mitengo ya mu Contra yanu inali chiimire ngati mapolo a magetsi, dziwani kuti munkasewera yodulidwa. Ku Ulaya zinafika pena. Chifukwa cha malamulo a ku Germany oteteza ana ku zithunzi za anthu akuphana, gemuyi inatuluka mu 1990 ndi dzina loti Probotector, asilikali aja atawasandutsa maloboti. Gemu imodzi, nkhope zitatu. Tsono mundiuze, pa zitatuzi yopatulika ndi iti imene sitiyenera kuikhudza?

Mortal Kombat nayo ndi chimodzimodzi. Pa Super Nintendo mu 1993 magazi anawasintha kukhala thukuta lotuwa, pomwe pa Mega Drive ankabwera mukalowetsa kodi. Mortal Kombat II itafika ku Japan pa Super Famicom, magazi anali obiriwira. Sindikunena kuti magazi ndiwo amakometsa gemu. Ndikunena kuti chimene chinkaoneka pa sikirini yanu chinkatengera maloya, mtengo wa tizipangizo ndi mantha a kampani pa msika umenewo. Munthu amene amakhala pansi n'kuphatikiza zithunzi za ku Japan ndi mawu a Chingerezi kuti pakhale Contra yathunthu yoti tonse tiimve, akuchita ntchito imene kampani inkayenera kuchita.

Ndipo pali china chimene okonda original sachidziwa. Gemu ya akasinja ija, imene inkatidanitsa ndi abale athu wina akawombera chiwombankhanga chathu chomwe, ambiri tinaidziwa ngati Tank 1990. Gemu yeniyeni ndi Battle City ya Namco, ya mu 1985. Tank 1990 ndi ntchito ya anthu a ku China amene anaitsegula, n'kusintha mapu, n'kuwonjezera zida zimene mu Battle City munalibe. Kunena mwachidule, ndi ROM hack. Pa makatiriji omwe aja pankapezeka Somari, Mario atavekedwa liwiro la Sonic, gemu imene palibe Nintendo kapena Sega amene anaivomereza. Ubwana wathu wonse tinakulira pa magemu osinthidwa. Munthu amene akuti kusintha gemu ndi kuipitsa akutukwana chakudya chimene chinamulera.

Nawonso makampani eniakewo amachita zomwezi akaona kuti pali ndalama. Super Mario Bros. 2 imene inatuluka ku America mu 1988 inali gemu ina ya ku Japan ya mu 1987 yotchedwa Yume Kōjō: Doki Doki Panic, anachotsa anthu a m'menemo n'kuikamo Mario, Luigi, Toad ndi Princess. Ku Brazil, kampani ya Tectoy inatenga Wonder Boy in Monster Land n'kuikamo Mônica, kamtsikana kodziwika m'mabuku a zithunzi a kumeneko, n'kuigulitsa mu 1991 m'Chipwitikizi ndi chilolezo chonse. Kampani ikatero amati ikulemekeza msika. Mnyamata wa ku Kunenekude akatero pa laputopu yobwereka amati wawononga. Kusiyana kwake ndi suti basi.

Tsopano kwa akuluakulu amene amati ndi zidole za ana. Ndikupemphani mwaulemu, bambo, tayang'anani kaye ntchito yake.

Sikirini ya Famicom ili ndi timadontho 256 chopingasa ndi 240 chotsika. Chilichonse chimene mumaona chimamangidwa ndi timabokosi ta timadontho 8 kwa 8, ndipo kabokosi kalikonse kamatenga mabaiti 16. Munthu kapena chilombo choyenda sichingakhale ndi mitundu yoposa itatu pa kabokosi, osawerengera malo oonekera kuseri. Pamzere umodzi wa sikirini sipangaime tizidutswa toyenda toposa 8; tikapitirira, timayamba kuthwanima, ndipo n'chifukwa chake adani akachuluka ankaoneka ngati akusowa n'kubweranso. Super Mario Bros. yonse, ndi nyimbo zomwe, ndi makilobaiti 40. Chithunzi chimodzi cha ukwati chimene azakhali amatumiza pa WhatsApp chimaposa pamenepo. Malo anali ochepa moti mitambo ndi tchire mu gemuyo ndi chojambula chimodzi, anangosintha mtundu, china choyera china chobiriwira.

Munthu amene akukonza zithunzi za gemu yotereyi alibe malo owonjezera. Amatsegula fayilo ya gemu ndi pulogalamu ngati YY-CHR, amafufuza pamene pali mutu wa munthu, pamene pali mwendo, amajambulanso kadontho ndi kadontho. Akalakwitsa baiti imodzi, nkhope ya munthu imakatulukira pakhoma, kapena gemu imangouma. Kuti asinthe mtundu ayenera kupeza nambala yake pakati pa manambala zikwizikwi, olembedwa m'njira yowerengera 16 osati 10. Kuti akonze liwiro ayenera kumvetsa mmene makina amawerengera nthawi. Apa munthu akuphunzira masamu, kujambula, kufufuza cholakwika ndi kupirira, zonse pakamodzi, popanda fizi. Zimene amaphunzitsa m'makalasi a kompyuta zokhudza mmene makina amasungira zinthu, ameneyu akuzigwira ndi manja. Ngati mwana wanu akumasula wailesi yakufa kuti aone mmene imagwirira ntchito, mumati adzakhala mekaniki. Uyu akumasula pulogalamu. Vuto ndi loti zipangizo zake sizioneka pamphasa.

Tibwere kwa woweruza uja, wonena za kuba. Apa ndiyankhula mosapsatira, chifukwa anzanga ena amakonda kuzemba. Magemu amenewa ali ndi eni ake. Dziko lathu lili ndi lamulo loteteza umwini wa ntchito za luso, Copyright Act ya 2016, ndipo COSOMA ilipo chifukwa oyimba ndi olemba athu akhala akulira kwa zaka zambiri kuti thukuta lawo likudyedwa ndi ena. Ine ngati wolemba sindingaseke kulira kumeneko. Kukopera gemu imene sunagule ndi kuphwanya umwini, ndipo makampani saseka nazo: mu 2018 Nintendo inatengera kukhoti eni a LoveROMs ku America, mlandu n'kuthera pa madola 12 miliyoni.

Koma tisiyanitse zinthu. Amene amakonza magemu mwaulemu sagawa gemu. Amagawa kafayilo kotchedwa patch, kawirikawiri ka mtundu wa IPS kapena BPS. M'kati mwake mulibe gemu, muli malangizo okha: pa adiresi yakutiyakuti chotsa nambala iyi, ikapo iyi. Popanda gemu yeniyeniyo kafayiloka n'kopanda ntchito. Zili ngati telala wa pakhonde amene wakuuzani pochepetsa buluku la pakaunjika kuti likukwaneni. Sanakugulitseni buluku, ndipo palibe amene anganene kuti wabera fakitale imene inalisoka.

Funso lina ndi ili: tikafuna kugula, tikagule kuti? Mu 2023 bungwe la Video Game History Foundation linapeza kuti magemu 87 pa 100 alionse amene anatuluka ku America chisanafike chaka cha 2010 sakupezekanso pamsika. Kumeneko ndi ku America, kumene munthu ali ndi khadi la kubanki lolandiridwa paliponse. Nanga kwa Nthache? Makatiriji achikasu aja anatha ndi dzimbiri ndi malovu athu omwe tinkauzira. Makampani akafuna kugulitsanso zakale, amasankha zochepa zimene zingabweretse phindu, ndipo nthawi zina sasamala n'komwe. Mu December 2018 Sony inatulutsa PlayStation Classic, kabokosi ka magemu 20 akale. Magemu 9 mwa amenewo, kuphatikizapo Tekken 3, anali a PAL, ochedwa aja, ndipo anawagulitsa chonchobe ngakhale ku America. Anthu a kumeneko anakwiya koopsa atalawa kwa nthawi yoyamba chimene ife tinkadya tsiku ndi tsiku. Ngati mwini gemu sangasiyanitse yabwino ndi yopunduka, kapena akusiyanitsa koma alibe nazo ntchito, ndani akusunga mbiriyi? Ndi anthu omwewa amene mukuwatcha akuba, amene amagwira ntchitoyi usiku popanda wowalipira.

Komabe sindikhala pano kumaombera m'manja aliyense wogwira laputopu. Kumbali yathu kulinso zonyansa, ndipo zimapatsa mphamvu otitsutsa.

Choyamba ndi amene amafufuta mayina. Munthu watenga ntchito imene wina wa ku Poland kapena ku Chile anaivutikira miyezi isanu ndi umodzi, wachotsa dzina la mwini pa sikirini yoyamba, waikapo lake ndi nambala ya foni, akugulitsa pa memori khadi. Ameneyu ndiye wakuba weniweni, ndipo akuba kawiri: kwa kampani ndi kwa mnzake. Opanga makatiriji a 9999999 in 1 ankachita zomwezi, n'chifukwa chake tinakula osadziwa kuti Battle City inapangidwa ndi ndani. Tisabwereze.

Chachiwiri ndi amene amaganiza kuti kukonza ndi kusalaza. Amatenga gemu ya timadontho n'kuipaka zosefera mpaka nkhope zonse zioneke ngati sopo wosungunuka, n'kulemba kuti HD. Ojambula akale ankadziwa kuti TV ya chubu imasakaniza timadontho toyandikana, ndiye ankaika mitundu iwiri motsatizana kuti diso lione wachitatu. Ukasalaza zimenezo wapha nzeru yonse. Kukonza kwabwino kumayamba ndi funso loti wojambula ankafuna chiyani, ndipo chinamulepheretsa n'chiyani. Wosafunsa funso limeneli akungopaka laimu pa chithunzi cha mwini.

Chachitatu ndi chimene chimandiwawa kwambiri, ndipo chikukhudza tonsefe. Timangodikira. Pitani m'tinyumba ta magemu pa boma pano kapena pa boda, mupeza anyamata akulipira kuti amenye mpira pa PlayStation 2, ena ali pa foni ndi PPSSPP. Mpira umene akusewerawo ndi wosinthidwa kale, osewera a chaka chino pa gemu ya zaka zoposa khumi zapitazo, koma anasintha ndi anthu a kwina. Ku Brazil mwini kanyumba ka magemu ngati komweka anayamba kusintha mpira wa Konami kuti makasitomala ake aziona matimu a kwawo, ndipo Bomba Patch inatchuka dziko lonselo. Ku Lima, ku Peru, m'zaka za m'ma 1990, gulu la Twin Eagles linkatenga International Superstar Soccer n'kuikamo matimu a ku South America. Anthu amenewa sanadikire kuti Tokyo iwakumbukire. Ife bwanji? Timakangana za Maule ndi Manoma sabata yonse, koma tikagwira padi timasankha timu ya ku Spain. Mafilimu a ku China ndi ku India tinawayankhulitsa Chichewa kalekale, ndipo agogo amene sanapite kusukulu amatsatira nkhani mpaka kumapeto. Magemu okha ndiwo tikuwaopa ngati ali ndi tsemwe.

Chonsecho chiyankhulo chathu chimakwana bwinobwino m'timabokosi tija. Zilembo za mu gemu nazonso ndi zithunzi za 8 kwa 8, ndipo mzere umodzi umatenga zilembo 32. START ili ndi zilembo zisanu, YAMBA zisanunso. CONTINUE zisanu ndi zitatu, PITIRIZA chimodzimodzi, osasuntha kanthu. GAME OVER mutha kulemba WALUZA n'kutsala ndi malo, ndipo imabaya kuposa ya Chingereziyo. Q ndi X sitizigwiritsa ntchito, ndiye amene amakonda kulemba ŵ atha kufufuta chimodzi n'kujambulapo w wa chipewa. Imeneyi ndi ntchito ya masana amodzi kwa munthu woyamba kumene. Yovuta imabwera mukafika pa magemu a nkhani zitalizitali, pamene mawu athu amatalika kuposa a Chingerezi, ndipo pamenepo m'pamene pakufunika olemba, anthu odziwa kufupikitsa chiganizo osapha tanthauzo. Mutu umodzi susenza denga: wina wa manambala, wina wojambula, wina wa chiyankhulo.

Wina anena kuti dziko lili ndi mavuto enieni, chimanga chakwera, ntchito kulibe, iwe ukukamba za Mario. Ndamva. Koma mnyamata amene waphunzira kutsegula fayilo, kupeza cholakwika pakati pa manambala zikwizikwi n'kuchikonza, sabwerera kukhala munthu wongodina zimene ena apanga. Dera lathu lakhala njira ya katundu wa eni kwa zaka zambiri. Mathiraki amadutsa, mabasi amadutsa, ife n'kumagulitsa manachesi m'mawindo. Si zoipa, koma sizingakhale zokhazo zimene tikudziwa kuchita ndi zinthu zochokera kunja. Chinthu chikafika m'manja mwathu tili ndi ufulu wochitsegula, kuchimvetsa ndi kuchikonza kuti chitikwane.

Choncho kwa amene muli ndi laputopu, ngakhale ya batire yakufa: sankhani gemu imodzi imene munaikonda. Fufuzani kusiyana kwa ya ku Japan, ya ku America ndi ya ku Ulaya, muone chimene anakumanani. Yambani ndi mawu a pa sikirini yoyamba. Mayina a amene anapanga gemuyo muwasiye pomwepo, lanu mulilembe pansi pawo. Gawani patch, osati gemu, ndipo musagulitse. Mukamaliza muonetse mng'ono wanu, muone nkhope yake akawerenga YAMBA pa sikirini.

Ndipo wina akadzakuuzaninso kuti mwawononga original, mufunseni ngati mitengo ya mu Contra yake inkagwedezeka.